Usiku umene ndinaulutsa theka la bandi

Anzanga a pa mawailesi ang'onoang'ono mukudziwa kale kuti ola la Lamlungu usiku munthu amapatsidwa chifukwa palibe wamalonda amene akulifuna. Langa linali la 21:00 mpaka 22:00, ndipo ndaikamo jazi zaka zinayi. Masabata ambiri sindinkapita kutali: Hugh Masekela, Abdullah Ibrahim, nthawi zina a Kachamba a ku Chileka, poti kuno ku Chipata malire a Mwami ali pakhomo ndipo akuluakulu ambiri mawu oti jazi bandi anawadziwira pa magitala ndi zitoliro za kwela. Mafoni amabwera anayi kapena asanu, anthu omwewo, moni yemweyo.

Lamlungu lina posachedwapa ndinati ndiwalawitseko ndiwo zachilendo. Ndinatenga Free Jazz ya Ornette Coleman, yomwe inajambulidwa ku New York mu December 1960 n'kutuluka mu 1961. Ndi nyimbo imodzi ya mphindi pafupifupi 37, oimba asanu ndi atatu ogawidwa pawiri, gulu lina lomveka pa sipika ya kumanzere, lina pa ya kumanja. Kumanzere kuli Coleman mwini wake, Don Cherry, Scott LaFaro pa bezi ndi Billy Higgins pa ng'oma. Kumanja kuli Eric Dolphy, Freddie Hubbard, Charlie Haden ndi Ed Blackwell. Magulu awiriwo amaimba nthawi imodzi, kumvetserana ndi kuyankhana popanda makodi oikiratu, ndiye kuti popanda ndondomeko ya manotsi yogwirizana kale. Ndinachenjeza omvera kuti iyi si yovinira, ndinakweza feda, kachogwirira kokwezera mawu, n'kuvala mahedifoni amene ndinawalumikiza ku laputopu yanga, chifukwa potulukira mawu a mahedifoni pa mikisa, makina osakanizira mawu asanapite kunja, panayamba kulira ngati njuchi kalekale.

Kwa ine zonse zinali bwino. Mphindi zitatu zisanathe foni inayamba kung'anima osalekeza. Ndinalimba mtima mpaka mphindi zisanu ndi zinayi, kenako ndinatsitsa n'kuyamba kuwalandira.

Woyamba anali mayi wa ku Kapata. "Achimwene, wailesi yanu yagwera m'chitsime kodi? Ine ndasintha mabatire kawiri." Mnyamata wa ku Mchini anati amaganiza kuti jenseti ikutha dizilo ndipo ndi kulira kwake kumene akumva. Bambo wina sanapereke n'komwe moni, anangoti nyimbo zotere pa tsiku la Mulungu n'kuitana ziwanda, n'kudula. Amenewa sanandipweteke. Munthu wagwira ntchito sabata yonse, wagona ndi kawailesi pamutu, ali ndi ufulu wonena kuti ndamusokosera.

Amene anandinyansa, ngakhale kuti panthawiyo ndinamuthokoza, ndi mphunzitsi wina amene amaimba sabata iliyonse. Anayamba n'kudzudzula anzake kuti makutu awo anazolowera kalindula ndi nyimbo za m'mabasi, kuti jazi imafuna sukulu. Kenako anati sanamvepo nyimboyi ikumveka bwino ngati usiku umenewo, makamaka malo amene oimba akungokhala phee, akuti pamenepo m'pamene pali nzeru zonse. Ndinadabwa pang'ono chifukwa mu nyimbo imeneyi mulibe pamene pali phee, koma ndinangoti zikomo aphunzitsi.

Ndiye panabwera mdala wina wa kumbali ya Katete, mawu okalamba, foni ikudukaduka. Sanaimbepo chiyambire pulogalamu.

"Mwana wanga, za ku America ine sindizidziwa. Koma ndagwira mbalule kuyambira ndili mnyamata. Mbalule siyenda yokha, imatsata mapazi a chilombo. Wa ng'oma wakoyo ndikumumva akutsata mapazi, akuyankha, akudikira, akuyankhanso. Nanga chilombocho chili kuti? Bwalo lili lokha."

Ndinati agogo, tabwerezaninso. Anabwereza mosapupuluma. "Pali wina amene akulankhula koma ife sitikumumva."

Thupi lonse linazizira. Ndinaponya kanyimbo kakafupi, ndinavula mahedifoni, ndinatsegula FM ya pa foni yanga n'kubwezeretsa Coleman pang'ono. Mdala ananena zoona. Mbali yakumanja kunalibe. Chingwe chochokera ku laputopu kupita ku mikisa chinafa mbali imodzi, ndipo zimene zinkapita ku transmita ndi gulu lakumanzere lokha. Tsoka lake n'lakuti mu nyimboyi woyamba kutsogolera ndi Dolphy, wachiwiri ndi Hubbard, ndipo onse awiri ali kumanja. Mphindi zisanu ndi zinayi zathunthu anthu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza ankamva bezi, ng'oma ndi malipenga awiri akuponyera mawu apa ndi apo kwa munthu amene kulibe. Ndiye "phee" wa aphunzitsi uja.

Chingwe chimenecho ndinachilemba m'buku la zowonongeka katatu. Yankho linali lakuti sichikuvuta kanthu, popeza nyimbo zambiri zamakono woimba amakhala pakati ndipo ukataya mbali imodzi palibe amene amazindikira. Ine ndinalakwa kuiwala, sindikana. Koma ndikanamva m'masekondi khumi oyamba kukanakhala kuti kawailesi komvera zimene zikutuluka kunja kali mu situdiyo. Kanatengedwa nthawi imene malaiti ankazima maola ambirimbiri, akuti kakathandize kunyumba kwa bwana, ndipo sikanabwererenso. Inu nonse mukudziwa kuti muulutsi wosamva zimene akuulutsa ali ngati wa njinga wopalasa usiku popanda tochi.

Ndinasonkhanitsa mbali zonse ziwiri mu laputopu kuti zituluke mono, ndiye kuti pa njira imodzi, ndinapepesa kwa omvera n'kufotokoza chimene chachitika, ndipo ndinaiyambanso. Zinatsala mphindi zisanu ndi chimodzi zokha. Mayi wa ku Kapata anaimbanso akuseka, ati tsopano phokoso lachuluka kawiri, bola poyamba. Aphunzitsi sanaimbenso. Mdala uja anangoflasha, tokitaimu itamuthera, ndiye nditatseka pulogalamu ndinamuimbira ndi yanga.

"Eya, tsopano chilombo chafika pabwalo," anatero. "Ng'oma zili ziwiri eti? Ina ikuyenda pang'onopang'ono, ina ikuthamanga." Zimenezotu n'zoona, ndi mmene Higgins ndi Blackwell anagawanirana. Ndinamufunsa ngati waikonda. "Iyayi, sindinaikonde. Koma anyamatawo amamverana. Udzaiikenso yonse, ndimve kumene akuthera."

Zaka zinayi zonsezi palibe amene anamvetsera pulogalamu yanga ngati munthu ameneyu, ndipo sanaikonde n'komwe nyimboyo.

Lolemba m'mawa ndinaitanidwa ku ofesi. Bwana anali ndi pepala la mafoni, onse anawawerenga ngati madandaulo, ndi a mdala omwe. Ndinati bwana, pulogalamu imeneyi sinalandirepo mafoni ochuluka chonchi, anthu amakangana, ena anaimba kawiri. Anati wailesi si malo oyeserera, kuti m'busa wina wawadandaulira, kuti ndikufuna kuthamangitsa amalonda. Amalonda ati, ola limene palibe analigulapo? Nditatchula za chingwe ndi kawailesi, anati ndisasinthe nkhani. Anamaliza n'kunena kuti jazi ipume kaye, pali sing'anga wa zitsamba amene wakhala akufunsa mtengo wa ola limenelo.

Chimene chinandiwawa si kulandidwa ola. M'ma 1970 dziko lino la Zambia linatulutsa mabandi a WITCH, Amanaz, Ngozi Family ndi Musi-O-Tunya, magitala olira mokalipa amene makolo ambiri ankati ndi misala, ndipo lero anthu akunja akufunafuna mbale zimenezo. Munthu wina pa wailesi anayenera kuziika koyamba anthu asanazizolowere. Ndinkafuna kunena zimenezi, koma malipiro a mwezi watha anali asanatuluke ndipo ndinaona kuti si tsiku lophunzitsa bwana mbiri.

Masiku otsalawo anangodutsa. Lachiwiri nkhani za m'mawa ndi mauthenga a maliro asanu ndi awiri, umodzi wolembedwa dzina la mudzi molakwika, abale n'kubwera kudzandikalipira ine. Lachitatu pulogalamu ya alimi, mlangizi anafika mochedwa ndipo ndinadzaza mphindi makumi awiri ndi nkhani ya mitengo ya soya ndi mtedza. Lachinayi ndinagwirira mnzanga amene mwana wake ali m'chipatala, kuyambira 05:00 mpaka 14:00 ndi tiyi yekha. Tsiku lomwelo malaiti anazima pakati pa nkhani ndipo tinakhala chete mpaka mlonda atabwera ndi chigubu cha dizilo pa njinga. Lachisanu pulogalamu ya moni, ndipo atatu mwa oimba foni anafunsa za "nyimbo ya misala ija". Mmodzi amafuna dzina lake kuti akaifune pa YouTube akamvetse mkazi wake amene sakukhulupirira kuti ilipo. Pa msika wa Kapata wogulitsa tomato ananditcha a Phokoso, ndipo dzinalo likuoneka kuti lakhazikika.

Loweruka ndinakwera njinga kupita m'tauni, ndinagula chingwe ndi ndalama zanga n'kukachilumikiza ndekha. Dzulo usiku, Lamlungu, 21:00 itakwana, ine ndemwe ndinali pa mikisa kukwezera feda sing'anga uja, akufotokoza za mankhwala obweza mkazi wothawa. Mawu ake anatuluka bwino mbali zonse ziwiri. Cha m'ma 21:20 foni yanga inang'anima kamodzi, nambala ya ku Katete ija. Tokitaimu ndinalibe.