Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Khadi lofiira

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinasiya kusamalira okalamba ku South Bend, ku America, n'kuyamba kugwira ntchito ndi ana a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limavutitsa mwana kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Amayi ku Ntcheu mpaka lero amauza anzawo kuti ndine mphunzitsi wa ana osayankhula. Sindiwatsutsa.

Ntchitoyi amaitcha applied behavior analysis, mwachidule ABA: kufufuza chomwe chimayambitsa khalidwe lovuta la mwana n'kumuphunzitsa lina. Mizu yake ili mu kafukufuku wa B.F. Skinner, koma inaima payokha mu 1968, pomwe Baer, Wolf ndi Risley a ku University of Kansas analemba maziko ake. Ine ndinayambira pansi penipeni: maphunziro a maola 40, mayeso, n'kukhala RBT, wothandizira amene amagwira ntchito ndi mwana maso ndi maso. Wolemba ndondomeko anali BCBA, katswiri wa ABA wokhala ndi setifiketi, amene anali bwana wanga. Yanga inali kukhala pa kapeti ndi mwana, pensulo m'manja, n'kumalemba zinthu zitatu: chachitika n'chiyani mwana asanachite khalidwelo, wachita chiyani, ndipo ife tachitapo chiyani.

Amene anandiphunzitsadi ntchito anali kamnyamata ka zaka 6. Kankadziluma dzanja, pamalo amodzimodzi kuseri kwa chala chachikulu, mpaka khungu linachita kukhuthala. Ine ndi maleredwe akwathu, mumtima ndinkangoti uku n'kusamva. Anandichititsa manyazi ndi mapepala anga omwe. Titawayala patebulo ndi bwana wanga, zinaonekeratu: ankadziluma tikangomuikira ntchito, ndipo akadziluma ife tinkaichotsa. Mwanayo ankanena kuti "ndatopa", ndipo ife tinkangomumvera akagwiritsa ntchito mano.

Tinamupatsa njira ina yonenera zomwezo, monga ofufuza Carr ndi Durand anasonyezera mu 1985. Kathu kanali kakhadi kofiira. Akakagwira, ntchito ichoke pompopompo, ngakhale asanalembe ndi chilembo chimodzi chomwe. Masiku oyamba ndinkamugwira chigongono kumutsogolera. Kenako ndinkangoloza. Kenako kungoyang'ana khadilo. Tsiku lomwe analitenga yekha n'kundimenya nalo pabondo, ndinapita kuchimbudzi kukalira. Mzere wa pa tchati chosonyeza kudziluma kwake unatsika, dzanja linapola, ine ndinayamba kuyenda mapewa m'mwamba.

Kenako bambo anga anatisiya. Ndinakhala kumudzi masabata asanu.

Pobwerera ndinapeza dzanja lija lili m'bandeji. Mtsikana amene analowa m'malo mwanga anali watsopano, ndipo khadi linali m'kabati, pansi pa zidole. Kunyumba, agogo ake amene ankamulera anali asanalionepo n'komwe. Sindinaphunzitse aliyense, chifukwa kunena zoona zinkandikomera kuti mwanayo amamvana ndi ine ndekha. Bwana wanga sanakalipe. Anangondikumbutsa zomwe ofufuza Stokes ndi Baer anadzudzula mu 1977: kuphunzitsa mwana m'kachipinda kamodzi, ndi munthu mmodzi, n'kumangoyembekeza kuti luso lija lidzafika lokha kwina konse. Ndinali nditaziwerengapo. Sindinadziwe kuti ankanena ine.

Tinayambiranso, koma ulendo uno kukhitchini kwa agogo aja. Iwo anali ovuta kuposa mdzukulu wawo. "Ndiye mwana azindilamulira ndi kapepala?" Ndinawamvetsa, agogo anga akananena zomwezo. Ndinawapempha kuti ayese masiku atatu okha pa nthawi yotsuka mano. Tinaphunzitsanso aphunzitsi ake ndi mtsikana watsopano uja, ine nditaima chapatali manja kumbuyo, pakamwa pakundiyabwa.

Bandeji ija ndi imene inanditumiza kusukulu. Kuti ukhale BCBA pamafunika digiri yachiwiri ndi maola pafupifupi 2,000 ogwira ntchito moyang'aniridwa, ndiye tangoganizani masana kapeti, usiku mabuku. Panopa ndimayang'anira ma RBT angapo, ndipo funso langa loyamba kwa aliyense silisintha: mawa ukadwala, ndani wina angachite zomwe ukuchita ndi mwanayu? Akakhala chete, ntchito yathu ya sabata imeneyo yapezeka.

Ndimawauzanso zomwe ena sakonda kumva. Anthu ambiri a autism amene tsopano ndi achikulire amadandaula ndi momwe ABA inkachitikira, makamaka m'masiku a Ivar Lovaas, mmodzi mwa oyamba kuigwiritsa ntchito pa ana a autism: zilango, kukakamiza mwana kuyang'ana munthu m'maso, kumuletsa kukupiza manja. Ambiri mwa madandaulowo ndi oona. Mwana akamakupiza manja osavulaza aliyense, pa ndondomeko yanga zimenezo sizilowa.

Msuweni wanga amene anaphunzira ku Montfort, koleji ya aphunzitsi a ana olumala ku Nguludi, amafuna setifiketi ngati yangayi, koma kuyambira 2023 bungwe la BACB, lomwe limapereka setifiketizi, linasiya kulandira ofunsira okhala m'maiko ngati Malawi. Ndiye Lamlungu lililonse timakumana pa WhatsApp, iye ndi mapepala ake a zinthu zitatu zija, ine ndi tiyi.

Mwezi watha agogo aja ananditumizira chithunzi. Khadi lofiira lamatidwa pa firiji, m'mbali monse mwanyekanyeka. Akuti mnyamatayo saligwiranso, amanena ndi pakamwa, koma iwo akukana kulichotsa.