Sabata yachisanu ndi chimodzi: breaker inakana kugwa

Kamakina kanga koyezera frequency, kutanthauza kuchuluka kwa maulendo amene magetsi amazungulira pa sekondi imodzi, tsopano kakugwira bwino. Ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino, katransifoma kotsitsa 230 V kufika pa 9 V, ndi kakhadi kosungira manambala, zonse m'kabokosi ka pulasitiki pamwamba pa firiji kuno ku Chilenje. Pa 50 Hz kuzungulira kumodzi kumatenga mamilisekondi 20, ndipo nthawiyi ikasintha pang'ono, iko kamalemba.

Malaiti akakhalapo, nambala imangogwedezeka pang'ono pafupi ndi 50. Chondisangalatsa n'chakuti nambalayi si ya nyumba yathu yokha. Majenereta a ku Kariba North Bank, a ku Kafue Gorge ndi a malasha a ku Maamba amazungulira mogwirizana, ndipo kudzera mu SAPP, mgwirizano wolumikiza magetsi a mayiko a kum'mwera kwa Africa, womwe unakhazikitsidwa mu 1995, wa ku Harare naye akuona pafupifupi nambala yomweyo. Zitsulo zolemerazo zikazungulira zimasunga mphamvu, n'chifukwa chake anthu ambiri akayatsa masitovu madzulo frequency siigwa nthawi yomweyo. Nditayeza kajenereta ka a neba, firiji yawo itangodzuka kanatsika kufika pa 47, ndipo ndinakamva ndi makutu kakubuula.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Lachitatu usiku. Malaiti anali atapita, tili pa inverter yathu ya 3 kVA, makina osandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba. Pampu ya thanki itangoyaka, nyumba yonse inachita mdima bii, inverter ikulira. Ndinapita ku bokosi ndi tochi: breaker ya pampu, C20 (switchi ya ma amp 20 imene imayenera kugwa yokha magetsi akachuluka), ili chiimire. M'mawa ndinapeza kuti makoswe atafuna chingwe kuseri kwa thanki, mawaya awiri akukhudzana, mkuwa utada ndi kupsa. Shoti yeniyeni, nanga breaker inalekeranji kugwa?

Ndinaimbira amalume, omwe anagwira zamagetsi kumigodi ku Kitwe. Iwo anangondifunsa kuti, "Mphwanga, inverter yakoyo ingatulutse ma amp angati?"

Ndinawerengera: 3,000 kugawa ndi 230, ndi ma amp 13 basi. Breaker ya mtundu wa C imagwa pompopompo mphamvu ikaposa nambala yake kasanu mpaka kakhumi, kutanthauza ma amp 100 mpaka 200 kwa C20. Transifoma ya mumsewu ingatulutse ma amp mazanamazana pa shoti mosavuta. Inverter siingathe. Imadzipanikiza kuti isapse m'kati, kenako n'kuzima yokha breaker isanamve kanthu. Ndiye vuto la chingwe chimodzi linazimitsa nyumba yonse, pamene pa magetsi ochokera ku transifoma ya mumsewu ikanazima pampu yokha. Bokosi ndi lomwelo, mawaya ndi omwewo, chasintha ndi gwero la mphamvu.

Amalume asanadule foni anawonjezera china chimene chandisowetsa tulo. Anati ndione ngati neutral, waya wobwererapo magetsi, imalumikizidwa ku earth, waya wopita m'nthaka, pamene tili pa batire. Nditayeza, ndinapeza kuti ayi. Izi zikutanthauza kuti earth leakage ya 30 mA, switchi yomwe imagwa magetsi akathawira m'nthaka, imene ndimadalira kuti iteteze ana, ikhoza kusagwa waya wamoto atakhudza chitsulo cha pampu. Kabatani koyesera kamaigwetsabe ndithu, ndipo ndi kameneka kamandinamiza miyezi yonseyi.

Apa ndiye sindikhudzapo ndekha. Loweruka kukubwera wamagetsi wa mapepala kuti akonze za neutral, ndipo tikambirana zogawa nyali pa breaker ya B6, yomwe imafuna ma amp 18 mpaka 30 okha kuti igwe pompopompo. Chingwe chatsopano ndagula kale ku Kamwala, pamodzi ndi paipi yochitsekeramo chifukwa cha makoswe aja. Ine ndatsala ndi kuika CT yaing'ono, kachipangizo koyezera ma amp pa waya, pa Arduino kuti ndione ma amp amene inverter imatulutsa isanazime.