Nkhani ya mayi uja inatuluka kustolo ya mankhwala

Sabata ino ndaimaliza mtima uli m'mwamba. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zathu zomwe zija za nyengo ya mvula kuno ku Mulanje: malungo, kuwayeza ndi kachipangizo ka mRDT, mankhwala ake a LA, ana otsegula m'mimba, mzere wofika mpaka pamtengo wa mango. Makina a BP alipo amodzi, mabatire ake timachita kusonkherana.

Lachitatu ndi tsiku la ART, lopereka ma ARV kwa anthu amene ali ndi HIV. Kunabwera mayi wina wothyola tiyi, wa cha ku Muloza, amene ndakhala ndikumuona zaka 4. Viral load yake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, yadutsa 1000 kachiwiri, kusonyeza kuti kachilombo sikakugonja, chonsecho ali pa TLD, mankhwala a ARV amene chiyambireni 2019 takhala tikuwadalira. M'buku mwake anzanga analembamo kawiri konse kuti sakumwa bwino mankhwala, ndipo uphungu anapatsidwa. Koma mayiyu sanaphonyepo tsiku lobwera kuchipatala, ngakhale nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 milatho itakokoloka anabwera wapansi.

Ndinamufunsa za mwana wake wa fomu 2 uja, anaseka. Nditafika pa mankhwala anangoti zii, maso pa katani. Anzanga mukudziwa mmene tikukhalira: chipinda chimodzi, madokotala awiri, pakati nsalu yong'ambika. Kuseri kwake mnzanga ankafunsa bambo wina za chifuwa, mawu onse tikumva. Kenaka ndinazindikira kuti bamboyo ndi wa m'mudzi mwawo.

Ndinanamizira kuti tikayeze sikelo, n'kupita naye kustolo ya mankhwala. Tinakhala pa makatoni, chitseko chotseka.

"Mayi, pano tili awiri. Sindikukalipirani. Botolo la miyezi itatu limatha liti?"

Anayamba wakonza chitenje. "Adokotala, musandilembe m'buku. Timagawana ndi bambo a kunyumba."

Mwamuna wake amachita geni tsidya la Mozambique. Kuyezetsa amakana, akuti anthu amuona, koma akayamba kudwaladwala amatapa m'botolo la mkazi. Mayiyu amamwa lero, mawa n'kudumpha, kuti mapiritsi afike tsiku lobwera. Chaka chathunthu! Ife tinali pafupi kuyamba kukambirana za second line, kumusinthira munthu mankhwala pomwe vuto lili pakhomo.

Sindinamuuze kuti walakwa, amadziwa kale. Tinagwirizana kuti ndimupatse zida zodziyezera yekha kunyumba akapatse bambowo, ndipo akalola abwere madzulo anthu atachepa, adzandipeze ine osati wina. Anandifunsa katatu ngati ndidzakhalepo. Funso limenelo linandilasa, chifukwa kuno amatisuntha ngati mbuzi pa chingwe: lero ART, mawa OPD koonera odwala osagonekedwa, mkuja ukalowe m'malo mwa amene wapita ku workshop. Wodwala aululira bwanji zakukhosi nkhope yatsopano mwezi uliwonse?

Zonsezi zinatenga mphindi 25. Potuluka ndinapeza abwana ataima pakhonde, akuti mzere waima, ndipo kustolo sikololedwa odwala. Zoona, sikololedwa. Ndinawafunsa kuti nanga ndikanapita naye kuti, poti chipinda chauphungu chinasanduka mosungira matiresi chaka chatha. Anati tidzakambirana ku miting'i. Miting'i yake ndi yomwe ija timawerengerana manambala, angati abwera, angati athawa mankhwala, osafunsa kuti munthu anapatsidwa mpata wolankhula kapena ayi. Amene timawalemba kuti ndi osamvera aja, ndi angati amene anangoona katani n'kumeza mawu?

Lachinayi ndinali ku OPD, amoxicillin atatha, ndikulembera anthu kuti akagule ku Limbuli ndikudziwa bwino kuti malipiro a kuesiteti sanatuluke. Lachisanu malipoti, magetsi n'kuzima pakati.

Mayi uja waimba dzulo pa foni ya mlongo wake. Bambowo adziyeza, ndipo akuti abwera Lachiwiri cha m'ma 4 koloko. Pa rosita andiika ku outreach, kokaona odwala kumidzi, tsiku limenelo. Ndapempha mnzanga tisinthane, sanandiyankhebe.