Sabata imene abwana ananditchula kuti "iwe"

Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yogulitsa simenti, malata ndi zitsulo zomangira, cha ku Lumumba Road. Tilipo anthu 23, kuphatikizapo madalaivala ndi anyamata okweza katundu. Malipiro a onsewa amadutsa m'manja mwanga, ndipo aliyense wa ntchito ngati yanga mu Lusaka muno akudziwa kuti pa 10 si tsiku lochita nalo masewera. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro umene umapita ku bungwe la misonkho la ZRA, ndalama za penshoni za ku NAPSA ndi za inshuwalansi ya zaumoyo za ku NHIMA, zonse zimayenera kukhala zitalipidwa pofika tsiku limenelo. Mwezi uno pa 10 panali Lachinayi.

Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamwe n'komwe, abwana anatulukira pepala lili m'manja. Linkasonyeza kuti ndalama za NAPSA zimene tinayenera kulipira mwezi watha zinapita mochedwa, ndiye tagwa m'chindapusa. Kwa amene sadziwa, wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, kampani n'kuwonjezerapo 5 ina, ndipo mukachedwa chindapusa chake ndi 10 peresenti. Kale chinali 20, anachitsitsa mu 2022, komabe pa anthu 23 si ndalama yogulira tomato.

Sanandiitanire mu ofesi mwawo. Anaima pakhomo langa, madalaivala awiri akudikira mapepala a katundu wopita ku Kafue ndi ku Chongwe, mtsikana wa atachimenti ali pa desiki yake, n'kuyamba kukuwa: "Iwe, kodi ndimakulipirira chiyani pano? Ndalama imeneyi ndidula pa malipiro ako!"

Za kudula malipirozo ndinadzaziganizira pambuyo pake. Chimene chinalowa m'khutu n'kukakhala pachifuwa ndi "iwe" uja. Ndakhala pa kampaniyi zaka 6, ndili ndi ana atatu, woyamba ali ku koleji. Anyamata oitanira mabasi pa Kulima Tower akhoza kuponyera "iwe" aliyense wodutsa, sindidandaula. Koma abwana ndi akwathu kum'mawa, ine ndine wa ku Katete, ndipo tonse tinakula tikumva bambo akuitana mayi kuti "inu" ngakhale atayambana. Anadziwa bwino chimene ankachita. Chopweteka china n'chakuti amene anandiuza kuti ndiimitse kaye ndalama za NAPSA zija ndi iwo omwewo, pofuna kulipira lole ya simenti imene inafika mwadzidzidzi. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu kuntchito zinatembenuka: anadya wamkulu, zinapota ine.

Ndinangoti, "Ndamva, abwana." Musaganize kuti inali nzeru. Pakhosi panatsekeka basi, makutu akutentha, manja akunjenjemera moti ndinalephera kusainira mapepala a madalaivala aja. Ndinapita kukasamba kumaso, n'kukaima kuseri kwa milu ya malata mpaka mtima utasiya kugunda ngati ng'oma.

Madzulo ake ndi amene ndimachita nawo manyazi. Mu minibasi yopita ku Chilenje ndinakangana ndi kondakitala pa chenji cha K2 mpaka anthu onse kutembenuka. Nditafika kunyumba ndinapeza nsapato za kusukulu za mwana wanga womaliza zili pakhomo, ndipo ndinamukalipira ngati wawotcha nyumba. Iye anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, ndalakwa chiyani?" Ndinasowa choyankha. Mkwiyo wanga unachita zimene madzi a mvula amachita ku Kanyama: posowa ngalande, analowa m'nyumba ya amene sanalakwe.

Lachiwiri ndinalemba kalata yosiya ntchito. Inali kalata yabwino kwambiri, ndikunena zoona, mawu ake akuthwa koma aulemu, oti munthu akawerenga asagone. Kenako ntchito yanga yomweyi inandigwira dzanja. Ndinatenga kakyuleta n'kuwerengera lendi, fizi ya ku koleji, ufa, makala, ndi gratuity, ndalama yotsanzikira ya 25 peresenti ya malipiro anga, imene ndikuyembekezera kontrakiti yanga ikatha, pangotsala miyezi inayi. Kalata ija ndinaipinda n'kuiika m'chikwama. Sindinaing'ambe, ndipo kungodziwa kuti ili m'menemo kunandithandiza kupirira tsiku lonse ndikupatsana ndi abwana moni wa pakamwa pokha.

Lachitatu ndinafufuza mufoni. Lamulo lija loimitsa ndalama za NAPSA abwana anandipatsa pa foni ali paulendo, choncho ndinkaopa kuti palibe umboni. Koma ndinapeza kuti tsiku lomwelo ndinawalembera pa WhatsApp kuti, "Monga mwanenera, NAPSA ndaimitsa kaye mpaka tilipire simenti," ndipo iwo anayankha ndi kachala kaja koloza m'mwamba. Mtima unadumpha ndi chimwemwe choipa. Tili ndi gulu la WhatsApp la antchito onse, ndipo chala changa chinafika pafupi penipeni ndi kutumiza uthengawo kumeneko, kuti amene anamva "iwe" aonenso kachalako.

Pa nkhomaliro timadya nsima pa kamalo kena ka amayi ena kuseri kwa mpanda, tsikulo ndiwo zinali kapenta ndi chibwabwa chotendera. Ndinakhala ndi a kapitawo athu, bambo wachikulire amene anayamba ntchito pano ine ndisanabwere. Ndinawaonetsa foni. Anawerenga, anatema nsima, n'kunena kuti, "Amayi, munthu wamkulu mukamuvula pagulu, nsalu yoti avale adzaichotsa pathupi panu." Ndinawayankha mopsa mtima kuti nanga ine anandivulira kuti, kuchipinda? Anavomera kuti ndikunena zoona. "Simunalakwe, ndipo tonse tinamva. Koma mukufuna chiyani, kuti achite manyazi kapena kuti asadzabwerezenso? Ziwirizi sizikwera basi imodzi."

Funso limeneli linandisautsa chifukwa yankho loona linali lakuti ndinkafuna zonse ziwiri. Pali malangizo ena amene akazi timapatsidwa kawirikawiri, akuti ingokhululuka, ingopemphera, ntchito ndi yosowa. Ine malangizo amenewa sindigwirizana nawo akamatanthauza kumeza chilichonse. Ndinaona mayi wina amene ankagwira ntchito pano akumeza choncho zaka ndi zaka, mpaka tsiku lina anaphulika pa nkhani ya sitepula n'kuchoka osatsanzika. A kapitawo sanandiuze kuti ndimeze. Anandiuza kuti ndisankhe malo ndi nthawi, ndipo ndipite ndi pepala m'manja.

Usiku umenewo ndinalemba zinthu zitatu zokha zimene ndinkafuna kukanena, n'kuziyeserera pamaso pa amuna anga. Paliponse pamene mawu anga anayamba kukwera, iwo ankati, "Bwerezani pamenepo." Tinachotsamo "nthawi zonse mumatero" ndi zonse za chaka chatha, ngakhale zinali zoona.

Lachinayi ndinayamba ndamaliza ntchito, kuti pasakhale pogwira. Magetsi anazima cha m'ma 10 koloko, anyamata analiza jenereta, ndipo pofika 15 koloko PAYE, NAPSA ndi NHIMA zonse zinali zitapita, malisiti ali mufayilo. Ndipamene ndinagogoda.

"Abwana, ndingakutayitseniko nthawi pang'ono?"

Ndinatseka chitseko, ndinakhala pansi ngakhale sanandiuze kuti ndikhale, n'kuika malisiti a tsikulo patebulo. Pamwamba pake ndinaikapo pepala limene ndinasindikizapo uthenga uja ndi kachala kawo. Ndinati chindapusa chija chinabwera chifukwa cha lamulo lawo, ndipo nali. Ndinati ngati akuonabe kuti ndinalakwa, andilembere kalata ndiyankhe, poti ngakhale lamulo la zantchito la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti wantchito amvedwe mbali yake asanachotsedwe pa mlandu wa kagwiridwe ka ntchito. Chachitatu ndi chimene mawu ananjenjemera ngakhale ndinayeserera: "Za ndalama tikonza. Koma munanditchula kuti iwe pamaso pa ana amene ndimawaphunzitsa ntchito. Ndikalakwa, ndiitaneni muno."

Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Anatsegula foni yawo, ndikuganiza kuti ankafuna kuona ngati uthengawo ulimodi. Kenako anati, "Mwezi uja ndinali ndi zambiri m'mutu." Anawonjezera kuti za kudula malipiro ndiiwale, chindapusa chilipidwe ndi kampani. Mawu akuti pepani sanatuluke. Ndinawadikira pang'ono, mwina masekondi khumi amene anatalika ngati mzere wa magalimoto pa Great East Road madzulo, koma sanabwere. Ndisanatuluke ndinawauza kuti kuyambira tsopano lamulo lililonse loimitsa malipiro a msonkho kapena penshoni ndizilifuna lolembedwa. Anagwedeza mutu.

Ndinatuluka miyendo ili lendelende. Kunena zoona mkwiyo sunathe wonse. Kagawo kena kanatsala, kaja kofuna kuti madalaivala aja adziwe.

Lachisanu m'mawa abwana anadutsa pakhomo langa. Mtsikana wa atachimenti analipo, ndi mmodzi mwa madalaivala aja, wa ku Chongwe. Anaima, n'kunena mokweza kuposa mmene moni umafunira kuti, "Mwadzuka bwanji amayi? Mukapeza mpata mundionereko mainvoisi a msonkho wa VAT, pa 18 payandikira. Inu ndi amene mumazidziwa bwino zimenezi." Dalaivala anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi akumwetulira.

"Ndadzuka bwino, kaya inu abwana," ndinayankha, n'kutsegula fayilo ya mainvoisi.

Pobwerera kunyumba ndinatsikira pa msika wa Chilenje kugula mabanzi a mwana wanga womaliza uja. Pofunafuna ndalama m'chikwama ndinagwira kalata ya Lachiwiri, itapindika m'makona. Ndinaisuntha n'kuiika m'kathumba ka zipi.