Dziko Limene Limasamuka pa Mapu

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 11, amene ndimakhala naye kuno ku Turffontein kummwera kwa Johannesburg, anabwera madzulo ena ndi buku la mapu la kusukulu kwawo n'kuliyala patebulo ndisanamalize n'komwe kudya. Anayendetsa chala pa tsamba la Africa kuchokera ku Egypt mpaka ku Cape Town, kenaka anafunsa kuti, "Amalume, kodi Wakanda ali pati apa? Anzanga akuti ali pafupi ndi Lesotho." Ndinamuyankha kuti dzikolo ndi lopeka, koma iye sanakhutire, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa ngakhale dziko lopeka limakhala ndi malo amene olipekawo analiika. Funsolo linanditumiza ku katoni ya mabuku a nthano zazithunzi imene ndakhala ndikuidzaza pang'onopang'ono pogula kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni muno.

Dziko la Wakanda linaonekera koyamba m'buku la Fantastic Four nambala 52 la kampani ya Marvel, lolembedwa pachikuto kuti Julaye 1966, ndipo analipeka ndi Stan Lee ndi Jack Kirby ali ku New York. M'mwezi womwewo, pa 6 Julaye 1966, Malawi anakhala lipabuliki. Botswana analandira ufulu mu Seputembala ndipo Lesotho mu Okutobala chaka chomwecho. Choncho mfumu ya Wakanda, T'Challa, yodziwika ndi dzina lakuti Black Panther, kunena kuti nyalugwe wakuda, inabadwa papepala pa nthawi imene mbendera zatsopano zinkakwezedwa mu Africa muno pafupifupi chaka ndi chaka. Ambiri amaganiza kuti dzinali linatengedwa ku chipani cha anthu akuda cha ku America cha Black Panther Party, koma chipanicho chinakhazikitsidwa ku Oakland mu Okutobala 1966, bukulo litatuluka kale.

Mbiri ya dzikoli imayambira pa chimwala chimene chinagwa kuchokera kumwamba kalekale, n'kusiya chitunda chimene ife tikanachitcha Chulu Chachikulu. M'kati mwa chulucho muli chitsulo chotchedwa vibranium, chimene chimameza phokoso ndi kugwedezeka kwa mtundu uliwonse. Munthu wina dzina lake Bashenga ndiye anayamba kulondera chulucho mothandizidwa ndi Bast, mulungu wamkazi wooneka ngati nyalugwe, ndipo kuyambira pamenepo wokhala pampando amadya chitsamba chooneka ngati mtima chimene chimamupatsa mphamvu zoposa za munthu wamba. Mafumuwo anatseka malire n'kubisa chuma chawo, mpaka pamene mzungu wina wofunafuna chitsulocho, Ulysses Klaw, anapha mfumu T'Chaka, bambo wa T'Challa.

Chimene chinandidabwitsa powerenganso n'chakuti mbiriyi inasintha pakati pa njira. M'nkhani yoyambirira ya 1966, T'Challa anagulitsa pang'ono chitsulo chija, n'kupita kukaphunzira m'mayunivesite a kunja, kenaka n'kubwera kudzamanga makina amakono kwawo; kunena kwina, nzeruzo zinabwera ndi mwana wapamudzi amene anapita kusukulu kwa azungu. Pofika mu 2005, pamene Reginald Hudlin anatenga cholembera, Wakanda anali dziko limene linali patsogolo pa onse kwa zaka mazana ambiri, limene silinagonjetsedwepo ndi aliyense. Ine ndimaona kuti nkhani yoyamba ija ili pafupi ndi moyo umene timaudziwa, koma yachiwiriyi ndi imene anthu anaikonda, ndipo sindikuwadzudzula.

Nkhani ya mapu ndiye yosokoneza. Don McGregor, amene anayamba kulemba za T'Challa mu 1973 m'mabuku a Jungle Action, ndiye woyamba kulitenga dzikoli ngati malo enieni oyendamo ndi miyendo. M'nkhani zake muli mathithi a Warrior Falls, pamene T'Challa anaponyedwa m'madzi ndi mdani wake Killmonger, muli mapiri ozizira okhala anyani akuluakulu oyera, komanso chigwa chimene nyama zikuluzikulu zamakedzana zikadali ndi moyo. Buku la mapu la Marvel linadzaika dzikoli kumpoto kwa nyanja ya Turkana, kufupi ndi pamene Kenya ndi Ethiopia amakumana. Ta-Nehisi Coates atayamba kulemba mu 2016, analisamutsira kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Victoria, ndipo pa mapu ake nyanjayo anailemba kuti Nyanza. Mwana uja ataona dzinali anaseka, chifukwa kusiyana kwake ndi mawu athu akuti nyanja ndi chilembo chimodzi chokha.

Likulu la dzikoli ndi Birnin Zana, ndipo mawu akuti "birnin" ndi a Chihausa cha kumpoto kwa Nigeria, monga mu dzina la mzinda weniweni wa Birnin Kebbi. Bast ndi wa ku Egypt wakale. Mufilimu ya Black Panther ya 2018 ya Ryan Coogler anthu ake amalankhula Chixhosa cha ku Eastern Cape, chimene analowetsamo ndi John Kani amene anasewera ngati T'Chaka, pamene alonda a m'malire amafunda mabulangete a Basotho. Anzake a mwana uja sananame kwenikweni potchula Lesotho. Ena amakwiya kuti olembawa anasakaniza Africa yense mumphika umodzi ngati kuti tonse ndife mudzi umodzi, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Komabe ndikakumbukira kuti Achewa tili ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo kuti tikafike ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika timadutsa pachipata cha malire, ndimaona kuti si Wakanda yekha amene anajambulidwa ndi anthu okhala kutali atagwira cholembera. Mu 2019 dzikoli linapezekanso mwangozi pa tsamba la pa intaneti la unduna wa zaulimi wa ku America, pa mndandanda wa mayiko ochita nawo malonda, mpaka analichotsapo anthu ataseka.

Munthu wowerenga za Chulu Chachikulu ali ku Johannesburg sangalephere kusuzumira pawindo. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M2 amaidziwa milu yachikasu ya dothi la m'migodi, imene mphepo ya mwezi wa Ogasiti imaulutsira fumbi lake m'maso ndi pa zovala zoyanika. Golide anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo mzinda wonsewu unamera pamwamba pake. Kusiyana kwake n'kwakuti eni nthaka sanapatsidwe mpata wotseka malire, ndipo okumba anachokera kutali, ambiri mwa iwo kwathu. Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela ali mnyamata, ndipo anabwerera kumudzi ndi bokosi lachitsulo, bulangete, nsapato zolemera zimene sankalola aliyense kuzikhudza, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa yawo. Kulemba anthu a Wenela ku Malawi kunaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974, ndege yobweza anthu ku migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70.

N'chifukwa chake nkhope imene ndimaiyang'anitsitsa mufilimu ija si ya mfumu, koma ya mayi wachikulire wa m'bwalo la akuluakulu, woimira fuko la okumba migodi. Mayiyo anali Connie Chiume, amene anabadwa mu 1952 ku Welkom, tauni ya migodi ya golide ku Free State, ndipo bambo ake anali Mmalawi wa ku Nkhata Bay. Anamwalira kuno ku Johannesburg mu Ogasiti 2024. Mwana wa mtchona wobadwira pakati pa migodi ya anthu ena anakhala pampando ngati mwini mgodi, ngakhale kuti zinali pa kanema pokha. Mabukuwo nawonso analikhudza dziko lino: m'nkhani ya McGregor ya 1989, T'Challa analowa mobisa mu South Africa wa tsankho kudzafunafuna Ramonda, mkazi wa bambo ake amene anamulera, yemwe anali atatsekeredwa kwa zaka zambiri ndi mzungu wina wa boma. Ndipo mufilimu ya Avengers ya 2015, misewu imene Hulk amaphwanyamo magalimoto ndi yomweyi ya pakati pa tauni imene timakwereramo mataxi.

Pali mbali ina ya mapu a Coates imene ndimachedwapo kwambiri. Kunja kwa malire kuli mayiko enanso opeka, monga Canaan, Azania ndi Niganda. Anthu a ku Niganda ndi osauka, ndipo amanena kuti minda yachonde ya Alkama, imene imadyetsa Wakanda, inali yawo asanathamangitsidwemo. Ndikamawerenga ndimafuna kudziona ngati mwana wa ku Birnin Zana, koma zoona zake n'zakuti munthu wonga ine, wochokera kudziko losauka amene anadutsa malire atatu pofunafuna ntchito, akanakhala wa ku Niganda, ndipo alonda ofunda mabulangete aja akanamubweza pachipata. Ife amene timadziwa kuima pa mzere wa zikalata kuyambira mbandakucha, komanso amene tinaona chiwawa chimene chinachitikira obwera kuno ku South Africa mu Meyi 2008, sitingaombere m'manja dziko lotseka zitseko popanda kumva kena kake kakutibaya mumtima. Olemba ena anaiona mfundoyi: m'nkhani za Coates anthu a m'dzikomo anaukira mpando wachifumu, gulu lina la asilikali aakazi a Dora Milaje linagalukira mfumu, ndipo pamapeto pake T'Challa anavomera kuti pakhale malamulo oyendetsera dziko ndi boma losankhidwa ndi anthu.

Madzulo amenewo mwana uja anatenga pensulo n'kuika kadontho kumadzulo kwa nyanja ya Victoria, kenaka anayeza ndi zala ziwiri mtunda wochokera pamenepo kufika ku Karonga, n'kunena kuti si patali. Anafunsa kuti basi yonyamuka ku Park Station, imene imatitengera ku Beitbridge, ku Nyamapanda ndi ku Tete tikamapita kumudzi, ingatenge masiku angati itapitirira mpaka kumeneko, komanso ngati pasipoti yake yobiriwira ya kuno ingagwire ntchito kuposa yanga. Ndinamuuza kuti ayambe wafufuta kadonthoko, chifukwa bukulo ndi la sukulu ndipo kumapeto kwa chaka amalibweza.