Ludzu ndi luzi: zimene ndaphunzira mu Stranded Deep

Stranded Deep ndi gemu ya kampani ya ku Australia yotchedwa Beam Team Games, ndipo inayamba kupezeka pa kompyuta mu 2015. Ndege imagwera m'nyanja ya Pacific, inu n'kutsala nokhanokha m'kabwato kopopa, tizilumba tili apo ndi apo. Ongoyamba kumene amaopa shaki. Koma chiyambireni kuiphunzira gemuyi mwachidwi, ndaona kuti chimene chimagwetsa munthu msanga ndi ludzu, ndipo mankhwala a ludzulo amayambira pa kachomera kamene ambiri amangokapitirira.

Kachomerako ndi yucca. Kamaoneka ngati khonje wathu uja, masamba ake osongoka atatuluka pa tsinde limodzi. Mukadula mumapeza masamba a luzi, ndipo anayi amapanga chingwe chimodzi. Nkhwangwa imafuna chingwe, msasa chingwe, chotchezera madzi chingwenso. Ubwino wake, yucca amaphukanso pakapita masiku ochepa. Mtengo wa kokonati ukagwa wagweratu. Choncho ndikaponda chilumba chatsopano, ndisanatole ngakhale mwala, ndimayamba ndazungulira gombe lonse kuwerenga yucca. Chikhale chokongola bwanji, ngati yucca ndi wochepa, chilumbacho n'chongodutsapo, si chomangapo mudzi.

Kokonati amanyenga. Mumakwera mtengo, kuthyola, kuboola, kumwa, wotchi ya pamkono n'kuonetsa kuti ludzu latsika. Mukamwa angapo motsatizana, m'mimba mumatseguka, madzi onse aja n'kutayika, mwinanso kuposa amene munamwa. Imwani mmodzi kapena awiri, kenako dikirani. Chodalirika ndi chotchezera madzi, chimene mu gemu amachitcha water still: miyala, nsalu, chingwe ndi tsamba la kokonati. Chimadontheza pang'onopang'ono, ndipo chimafuna kuti muziikamo masamba pansi pake kuti chisaume. Ine ndimamanga ziwiri ndisanaganize n'komwe za nyumba.

Nkhani ya madziyi inandikoka mpaka ndinakawerenga za zilumba zenizeni za ku Pacific. M'maiko ngati Kiribati ndi Tuvalu mulibe mitsinje. Mvula ikagwa imalowa mumchenga n'kuyandama pamwamba pa madzi amchere a pansi, chifukwa madzi abwino ndi opepukirapo. Madzi amenewa amakhala ochepa. Mukatunga mopitirira muyeso, amchere amakwera n'kuipitsa chitsime. N'chifukwa chake mabanja ambiri kumeneko amadalira mathanki a madzi a padenga. Nditawerenga zimenezi, kadontho ka m'chotchezera kaja ndinayamba kukaona ndi maso ena, chifukwa kuli anthu amene moyo wawo wonse umayendera kuwerengera koteroko.

Zina n'zachidule. Mangani msasa dzuwa lisanalowe tsiku loyamba, pakuti pa msasapo ndi pamene mumasevera gemu, kutanthauza kusunga pamene mwafika. Kabwato kakokereni pamtunda ndithu, mafunde amakatenga. Musanawoloke kupita chilumba china, onani pa kampasi kumene mukuchokera, chifukwa mukafika pakati zilumba zonse zimafanana. Nyama ndi nsomba muziwamba pa utsi kuti zisaole.

Za poizoni ndiye ndichedwepo pang'ono. Njoka za m'nyanja, nsomba ya lionfish ndi tizilombo taminga ta pansi pa madzi zimabisala m'madzi osaya, momwe munthu amayenda mosasamala poganiza kuti zoopsa zili kwakuya. Zikakulasani, pamkono pamatuluka zotupa ndipo moyo umatsika osaleka. Mankhwala ake amachokera ku kachomera kotchedwa pipi, kakang'ono, kovuta kukaona m'udzu. Mukakapeza musathamangire kukagwiritsa ntchito konse. Dzalani m'kamunda pafupi ndi chotchezera madzi, muzithirira, kuti tsiku lokasambira m'zombo zomira mukhale muli ndi mankhwala okonzeratu m'thumba.