Mawu othokoza onse amene anandiongolera pa maphunziro a fizikisi

Ndalandira kalata yondidziwitsa kuti ndasankhidwa kukachita maphunziro a chaka chimodzi a Postgraduate Diploma ku Abdus Salam International Centre for Theoretical Physics, mumzinda wa Trieste m'dziko la Italy, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera anthu amene anandifikitsa pamenepa ndisananyamuke. Malowa anawakhazikitsa mu 1964 ndi Abdus Salam, katswiri wa ku Pakistan amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Sheldon Glashow ndi Steven Weinberg, pofuna kuti asayansi a m'mayiko osauka asamafote chifukwa chosowa anzawo okambirana nawo. Ine ndikalowa gawo la High Energy, Cosmology and Astroparticle Physics, kumene amaphunzitsa quantum field theory, general relativity ndi Lie groups. Pofunsira malo, munthu amatumiza chikalata chosonyeza makosi amene anatenga ndi mmene anakhozera, choncho chimene chinandiyankhulira ndi makosi a chaka chachitatu ndi chachinayi ku yunivesite, ndipo makosiwo sindinasankhe ndekha.

Oyamba kuwathokoza ndi aphunzitsi anga a fizikisi, amene sindiwatchula dzina podziwa kuti sakonda kutamandidwa pagulu. Titamaliza chaka chachiwiri, anzanga ambiri anatsamira ku electronics ndi maphunziro a mphamvu ya dzuwa, ndipo sindiwanena, chifukwa munthu amene abale ake akudikira malipiro ake oyamba ali ndi chifukwa chomveka chosankhira kosi yopezetsa ntchito msanga. Nditawauza aphunzitsiwa, aDokotala, kuti mtima wanga uli pa tizinthu ting'onoting'ono topanga atomu, anatenga fomu yanga yolembetsera makosi n'kuchonga ndi cholembera chofiira maphunziro anayi amene anati ndisayerekeze kudumpha: classical mechanics, electromagnetism, quantum mechanics ndi statistical mechanics. Mipata yotsalayo anati ndikaidzaze ku dipatimenti ya masamu, ndipo anatsindika kuti kulowa m'kalasi ya quantum mechanics usakudziwa linear algebra n'chimodzimodzi kupita kumunda wopanda khasu.

Sanalekere pa uphungu wokhawo. Loweruka m'mawa, nthawi imene akanakhala ndi banja lawo, ankatsekula chipinda chophunzirira n'kuitana ife ochepa amene tinkafuna kupitirira. Ankamangirira loko wa chitseko ku chingwe, n'kumusiya akulendewera uku ndi uku, kenako n'kutiuza kuti tifotokoze kayendedwe kake popanda kujambula mivi ya mphamvu zokoka monga tinazolowera kusekondale. Apa m'pamene anatiphunzitsa njira ya Joseph-Louis Lagrange ya mu 1788, imene munthu amalemba kinetic energy (mphamvu ya kuyenda kwa chinthu) n'kuchotsapo potential energy (mphamvu yosungidwa chifukwa cha pamene chinthucho chili), ndipo kuchokera pa mzere umodzi umenewo malamulo onse a kayendedwe ka chinthucho amatuluka okha. Poyamba zinkaoneka ngati kuzungulira pachabe kuti tipeze yankho lomwe Newton anatipatsa kale, koma aDokotala anatiuza kuti tipirire chifukwa fizikisi yonse ya masiku ano imalembedwa m'njira imeneyi. Tsiku lina anatifikitsa pa zimene katswiri wa masamu Emmy Noether anafalitsa ku Göttingen, m'dziko la Germany, mu 1918, zakuti ngati malamulo a chilengedwe ali chimodzimodzi lero ndi mawa ndiye kuti energy siitayika, ndipo ngati ali chimodzimodzi kuno ndi kwina ndiye kuti momentum (kulemera kwa chinthu kuchulukitsa ndi liwiro lake) siitayika. Anawonjezera kuti mayi ameneyu kwa zaka zingapo ankaphunzitsa m'dzina la katswiri mnzake wamwamuna David Hilbert chifukwa akazi sankaloledwa udindo wophunzitsa pa yunivesite, ndipo ponena zimenezi ankayang'ana atsikana amene tinali nawo m'chipindamo. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuona makosi anga ngati zinthu zosiyana zongofunika kukhoza mayeso.

Ndithokozenso amayi amene anatiphunzitsa linear algebra ndi abstract algebra. M'kalasi yawo ndinali mlendo pakati pa ophunzira a masamu okhaokha, ndipo kulemba umboni wa masamu mwadongosolo kunandivuta kwambiri m'semesita yoyamba, koma iwo ankandibwezera pepala lililonse atalembapo ndemanga m'mbali mpaka malo kutha. Ndi iwo amene anandiuza kuti Werner Heisenberg polemba ntchito yake ya quantum mechanics ya mu 1925 sankadziwa kuti masamu amene ankagwiritsa ntchito ndi a ma matrix (manambala osanjidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika), mpaka Max Born atawazindikira. Nditafika pa atomu ya hydrogen n'kuona kuti milingo ya mphamvu zake ndi ma eigenvalue (manambala apadera a ma matrix) omwe aja ndinkawasaka pa bolodi lawo, ndinamvetsa chifukwa chimene aDokotala ananditumizira kumeneko. Group theory, gawo la abstract algebra, ndiyo inkaoneka yotalikirana kwambiri ndi fizikisi, komabe Standard Model yonse, chiphunzitso chachikulu chofotokoza tizinthu topanga atomu, yakhazikika pa magulu atatu otchedwa SU(3), SU(2) ndi U(1), ndipo Murray Gell-Mann anagwiritsa ntchito masamu omwewa poneneratu za kachinthu kotchedwa Omega-minus, kamene kanapezekadi ku labotale ya Brookhaven ku America mu 1964. Complex analysis ndi differential equations nazonso ndinatenga, ndipo kuona kwanga n'kwakuti wofuna fizikisi ya mtundu uwu kuli bwino achulutse masamu kusiyana ndi kuthamangira kosi ya dzina lokopa asanakhwime pa zoyambira.

Abambo oyang'anira labotale nawonso ndikuwathokoza, chifukwa sanandilole kupeputsa ntchito yoyesa ndi manja, ndipo anandiphunzitsa kuti nambala yopanda malire a cholakwika chake ilibe phindu. Mnzanga wa ku computer science anandiyambitsa Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndipo tinkasonkherana ndalama ya bandulo ya usiku kuti titsitse makanema aulere a MIT OpenCourseWare, amene tinkaonera pa laputopu yake magetsi akakhalapo.

Zonsezi zikanathera panjira pamene bambo anga anatisiya ndili m'chaka chachiwiri. Ngongole ya boma ya ophunzira inandithandiza pa fizi, koma chakudya, lendi ndi thiransipoti zinagwera amalume anga, amene ali ndi ana awoawo kusukulu. Amalume, munandifunsa kamodzi kokha ngati maphunziro amenewa ali ndi ntchito, ndipo nditakuyankhani moona kuti njira yake ndi yaitali ndiponso kuti ndalama sizibwera msanga, munangoti ndipitirize ndipo simunabwerezenso funsolo. Ulemu umenewu sindidzauiwala. Amayi anga, inu munagulitsa mtedza ndi soya zimene munasungira chaka chonse kuti ndilipirire pasipoti ndi zikalata, ndipo ngakhale mumauza anzanu a kumvano kuti mwana wanu akuphunzira za nyenyezi, sindinaone chifukwa chokutsutsani, popeza cosmology, yofufuza za thambo ndi chilengedwe chonse, ilimodi m'maphunzirowa. Achemwali anga, zikomo posamala pakhomo nthawi yonse imene ine ndinali kutali. Akumpingo ndi anansi amene munatigwira dzanja pa maliro ndiponso pambuyo pake, Mulungu akubwezereni.

Kwa aphunzitsi amene munandilembera makalata ondichitira umboni m'nthawi yotanganidwa yochonga mayeso, ndikuthokozani kuchokera pansi pa mtima. Maphunziro ku Trieste amayamba mu Seputembala. Makope anga onse a Loweruka pamodzi ndi mafunso amene tinkayankha ndawasiya m'manja mwa ophunzira a chaka chachitatu, ndipo aliyense wa chaka chachiwiri amene akufuna kukambirana za makosi asanadzaze fomu yake angathe kundilembera, ndidzamuyankha ngakhale ndili kunja.